Cilolezo ca Womanga Nyumba: Njira Imene Mmisiri wa ku Mtendere Ayenera Kutsata

Komboni ya Mtendere iri kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Kalingalinga, Kalikiliki ndi Kabulonga. Inayambika m'caka ca 1967, ndipo pa nthawi imeneyo malowo anali kuchedwa Chainama Hills. Boma linapima mapuloti ndi kuwagawira anthu, koma nchito yomanga nyumba linaisiya m'manja mwa eni mapulotiwo. Cotero Mtendere ndi mudzi umene unakula ndi thukuta la eni ace, cipinda cimodzi caka cino, cina caka ca mawa, monga momwe ndalama zinali kupezekera. Pa cifukwa cimeneci m'kombonimo muli amisiri ambiri omanga nyumba. Ena anaphunzira kwa atate ao. Ena anayamba ndi kukanda daka ndi kukankha wilibala, kufikira tsiku limene kapitao anawapatsa mpeni womangira.

Ambiri a iwo aidziwa nchito yao bwino lomwe. Angathe kuyala maziko, kuimika khoma loongoka ndi kukhoma denga losadontha. Koma kukamveka kuti pafunika womanga cipinda ca sukulu, kapena kiliniki, kapena nyumba ya munthu amene watenga ngongole ku banki, eni nchito safunsa kuti mmisiriyo wamanga nyumba zingati. Cimene ayamba kufunsa ndi pepala. Wopanda pepalalo abwerera cimanja-manja, ndipo kawiri-kawiri apezeka ali kugwira nchito yomweyo pa malipiro a tsiku, pansi pa munthu wina amene luso lace ndi locepa koma mapepala ace ndi okwanira. Phindu lalikuru lipita kwa mwini mapepala, thukuta likhala la mmisiri.

Pepala limeneli angathe kulipeza mmisiri wamba wa m'komboni. Cimene cigwetsa mphwayi anthu ambiri ndi cakuti silibwera lokha. Liri ndi mapepala ena amene ayenera kulitsogolera, ndipo lirilonse litengedwa ku ofesi yace. Munthu wodziwa ofesi yoyambira ndi yotsirizira sataya nsapato zace pa cabe.

Zilolezo ziwiri zimene anthu azisokoneza

Pa nchito yomanga pali zilolezo ziwiri zosiyana. Coyamba ndi ca womanga, cimene cinena kuti munthu uyu kapena kampani iyi aloledwa kulandira nchito zomanga monga malonda ace. Caciwiri ndi ca nyumba imene iti imangidwe, cimene cinena kuti pa puloti yakuti-yakuti paloledwa kuima nyumba ya mamangidwe akuti-akuti. Coyambaco cicokera ku bungwe la National Council for Construction, limene anthu alichula mwacidule kuti NCC. Caciwirico cicokera ku Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka, ndipo wocipempha ndi mwini puloti.

Mmisiri wokhala ndi cilolezo ca NCC alibe mphamvu yomanga pali ponse pamene wauzidwa. Momwemonso mwini puloti amene pulani yace yabvomerezedwa ndi Khonsolo sasanduka kontrakita pa cifukwa cimeneco. Zilolezo ziwirizi ziyendera pamodzi, koma cimodzi sicilowa m'malo mwa cinzace.

Lamulo ndi bungwe lace

Bungwe la NCC linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la m'caka ca 2003. M'caka ca 2020 lamulo limenelo linacotsedwa ndipo m'malo mwace munalowa latsopano, la nambala 10 la caka cimeneco. Nchito ya bungweli ndi kulemba m'kaundula makontrakita onse a m'dziko la Zambia, kuwaika m'magulu monga mwa mphamvu zao, kuyendera malo amene ali kumangapo, ndi kulanga ophwanya malamulo a kamangidwe. Likulu lace liri ku Lusaka, pafupi ndi mseu wa Sheki Sheki, ndipo anthu a ku migodi athandizidwa pa ofesi ya ku Kitwe.

Mau akuti kontrakita afunika kumveka bwino. Mmisiri wolembedwa nchito ndi wina, amene alandira malipiro a tsiku kapena a mwezi, sali kontrakita. Iye ndi wanchito. Kontrakita ndi munthu amene apangana ndi mwini nyumba kuti adzamanga nchito yonse kapena mbali yace pa mtengo wakuti-wakuti, nalemba yekha anchito ace, nasenza yekha mlandu ngati nchitoyo yalakwika. Lamulo liletsa munthu kucita malonda a ukontrakita asanalembedwe m'kaundula wa NCC.

Lamuloli liri ndi cifukwa cace. Nyumba yomangidwa molakwa sionetsa colakwa cace tsiku lomwelo. Pulasitala ndi penti zibisa zambiri, monga ananenera akale kuti cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Maziko osazama, mabuloko oumbidwa ndi simenti yocepa, konkire yosathiridwa madzi masiku oyamba, zonsezi ziululika patapita mvula ziwiri kapena zitatu, pamene womanga anacoka kale ndi ndalama. Kaundula athandiza kuti womanga adziwike dzina ndi malo, ndi kuti wolakwiridwa akhale ndi pokadandaula.

Magulu ndi magiredi

NCC igawa nchito zomanga m'magulu. Gulu B ndi la nyumba zokhalamo ndi nyumba zina zonse. Gulu C ndi la nchito zikuru-zikuru za uinjiniya monga madamu ndi ngalande. Gulu R ndi la miseu. Palinso magulu a zamagetsi, a zamakina ndi a nchito za ku migodi. Womanga nyumba wa ku Mtendere apempha gulu B.

M'gulu lirilonse muli magiredi asanu ndi limodzi. Giredi 1 ndiyo yapamwamba, ya makampani akuru amene ali ndi mainjiniya ndi makina olemera. Giredi 6 ndiyo yapansi, ndipo ndilo khomo lolowera la munthu woyamba kumene. Giredi iriyonse iri ndi malire a mtengo wa nchito imene kontrakita aloledwa kulandira, kotero kuti wa giredi 6 sangapikisane pa nchito yomanga cipatala cacikuru, koma angathe kumanga nyumba yokhalamo, zimbudzi za pamsika kapena cipinda ca sukulu, ngati mtengo wace uli m'kati mwa malire a giredi yaceyo. Makampani a kunja alembedwa m'magiredi apamwamba okha. Magiredi apansi anasungidwira nzika za Zambia. Malire a mitengo pamodzi ndi ndalama zolembetsera zisintha nthawi ndi nthawi, ndipo munthu ayenera kufunsa mndandanda wa caka cimeneco ku ofesi ya NCC.

Sitepe yoyamba: umboni wa luso

Bungwe silingabvomere luso la munthu pa mau a pakamwa. Lifuna satifiketi. Maphunziro a umisiri m'dziko la Zambia ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1998. Bungweli ndilo likonza mayeso a umisiri, amene ali ndi makwerero atatu: munthu ayamba pa lacitatu, nakwera pa laciwiri, natsiriza pa loyamba. Pamwamba pa amenewa pali satifiketi ya umisiri wathunthu, imene ifuna maphunziro otalikirapo.

Ku Lusaka umisiri womanga uphunzitsidwa pa Thorn Park Construction Training Centre ndi pa Lusaka Business and Technical College, ndipo NCC nayo iri ndi sukulu yace yophunzitsa makontrakita ang'ono. Ku migodi kuli masukulu a umisiri ku Kitwe, ku Luanshya ndi ku Ndola. Mmisiri wacikulire amene wagwira nchito zaka zambiri asacite mantha kuti adzabwezedwa pa benci pamodzi ndi ana. TEVETA iri ndi njira yobvomerezera luso limene munthu analiphunzira pa nchito. Wotere ayesedwa ndi manja: apatsidwa njerwa, daka ndi cojambula, namanga khoma la ngodya, ndipo oyesa aliyesa ndi levulo ndi sikweya. Munthu amene wamanga nyumba makumi awiri sabvutika ndi mayeso otere, koma ayenera kuphunzira kuwerenga pulani ndi kuwerengera zipangizo, pakuti pamenepa ndi pamene amisiri ambiri a m'komboni apunthwa.

Mwini malonda amene sali mmisiri, monga munthu wopuma nchito ku mgodi amene afuna kuika ndalama zace pa zomanga, angathe kulemba nchito mmisiri wa satifiketi, ndipo mapepala a mmisiriyo ndiwo aperekedwa. Anthu a luso otere afunikanso kulembetsa ku bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia, limene lilandira amisiri a manja pamodzi ndi mainjiniya ophunzira kwambiri.

Sitepe yaciwiri: dzina la malonda

NCC ilemba malonda okhala ndi dzina lodziwika ndi Boma. Maina otere alembetsedwa ku bungwe la PACRA. Pali njira ziwiri. Munthu angathe kulembetsa dzina la malonda cabe, motsata lamulo la m'caka ca 2011. Njira imeneyi ndi yocepa mtengo, koma ngongole za malondawo zikhala ngongole za mwini wace, ndipo zinthu zikabvuta okongoza angagwire katundu wa m'nyumba mwace. Kapena angathe kutsegula kampani motsata lamulo la makampani la m'caka ca 2017. Kampani ifuna oyendetsa osacepera awiri, ndipo m'maso mwa lamulo iyo iri ngati munthu payekha, wosiyana ndi eni ace.

Apa ndi pamene amisiri acita bwino kugwirizana. Womanga, kalipentala ndi woika mipope ya madzi akaphatikiza masatifiketi ao, zida zao ndi ndalama zao, pempho lao likhala lolemera koposa la munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Koma cigwirizano cotere cilembedwe bwino pa ciyambi, kuti gawo la munthu aliyense lidziwike ndalama zisanayambe kulowa.

Sitepe yacitatu: msonkho

Dzina litalembetsedwa, malondawo afunika nambala ya msonkho yochedwa TPIN, yocokera ku Zambia Revenue Authority. Bungwe lomwelo lipereka satifiketi yosonyeza kuti munthu alibe mangawa a msonkho, ndipo NCC ifuna kuiona. Wolembetsa ayenera kupereka malipoti ace a msonkho pa nthawi yace, ngakhale pa miyezi imene sanapeze nchito iriyonse. Ambiri aiwala cimeneci, ndipo pofuna satifiketi apeza kuti cilango ca kucedwa caunjikana.

Sitepe yacinai: citetezo ca anchito

Kumanga ndi nchito ya ngozi. Munthu angagwe pa sikafodi, khoma la dzenje lingamgumukire, lata lingamceke. Anthu a ku migodi adziwa bwino cimene cicitika m'banja pamene wopezera ana cakudya wapunduka. Cifukwa cace kontrakita ayenera kulembetsa ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe limene likulu lace liri ku Ndola, lolipira anchito opweteka kapena odwala cifukwa ca nchito. Ndalama za thumba limeneli alipira ndi wolemba nchito yekha. Nkosaloleka kuzidula pa malipiro a wanchito. Ayeneranso kulembetsa ku NAPSA, thumba la penshoni, kumene wanchito apereka magawo 5 pa 100 a malipiro ace ndipo wolemba nchito aonjezapo magawo 5 ena. Mabungwe awiriwa apereka makalata a umboni amene aikidwa pamodzi ndi pempho.

Sitepe yacisanu: banki ndi malo odziwika

Malonda akhale ndi buku la ku banki m'dzina lao, losiyana ndi la mwini wace. Ndalama za nchito zikasakanizika ndi za ndiwo, simenti ithera pakati khoma lisanafike pa lintala. Buku la ku banki ndilonso umboni umene udzafunika m'tsogolo posonyeza kukula kwa malondawo. Pafunikanso keyala yeni-yeni, malo amene oyendera angafikepo ndi kumpeza mwini malonda.

Sitepe yotsiriza: pempho ku NCC

Mapepala onsewa atakwanira, munthu adzaza fomu ya NCC, nachula gulu ndi giredi imene afuna, naikapo makope a zitupa za eni malonda, a masatifiketi a amisiri ndi a makalata onse ochulidwa aja, nalipira ndalama zoikika. Masiku ano pempho lingathe kutumizidwa pa intaneti, monganso ziri ku PACRA ndi ku ofesi ya msonkho. Bungwe lipenda mapepalawo, ndipo likakhutira lipereka satifiketi yolembedwa dzina la malonda, gulu ndi giredi. Kunama pa fomu, monga kulemba dzina la mmisiri amene sagwira nchito pa kampaniyo, ndi mlandu umene ungacititse kuti satifiketi ilandidwe.

Satifiketi imeneyi ndi ya caka cimodzi. Iyenera kukonzedwanso caka ndi caka, ndipo pokonzanso afunanso umboni wakuti msonkho ndi zopereka za anchito ziri bwino. Kontrakita wanzeru ayamba kusonkhanitsa mapepala ace caka cisanathe, kuti nchito ikalengezedwa mu Januwale asapezeke ndi pepala lakufa.

Kukwera giredi kudalira mbiri ya nchito. Cotero nchito iriyonse, ngakhale ya zipinda ziwiri, ikhale ndi pangano lolembedwa, lochula mtengo, nthawi, wogula zipangizo ndi kalipiridwe kace. Pomaliza mwini nyumba alembe kalata yobvomereza kuti nchito yatha bwino. Makalata otere, pamodzi ndi zithunzi ndi malisiti, asungidwe m'faelo imodzi. Faelo imeneyi ndiyo idzalankhula tsiku lopempha giredi 5.

Phindu lace

Wina angafunse ngati kubvutika konseku kuli ndi mphotho. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse, ndipo m'caka ca 2024 linafika pa K30.6 miliyoni. Mbali yaikuru ya ndalamazi ipita ku zomanga zazing'ono: zipinda za sukulu, nyumba za aphunzitsi, makiliniki, zimbudzi ndi misika. Colinga ca Boma ndi cakuti nchito zimenezi zigwiridwe ndi anthu a m'dera lomwelo. Mtendere iri m'dera la Munali, ndipo mmisiri wa kumeneko ali ndi mwai wopikisana nao, koma pokhapo ngati ali ndi satifiketi ya NCC, nalembetsanso ku Zambia Public Procurement Authority, bungwe loyang'anira kagulidwe ka Boma. Makampani akuru naonso, pogawira ang'ono mbali ya nchito zao, afuna omwe ali m'kaundula.

Misampha ya pa njira

Pafupi ndi maofesi sipasowa anthu odzichula athandizi, olonjeza satifiketi ya msanga pa mtengo wapadera. Ena athandizadi kudzaza mafomu, koma ena agulitsa mapepala onyenga, ndipo wogula adziwa za cinyengoco pa tsiku limene nchito yamkanika ndipo apolisi ali pakhomo. Ndalama ziperekedwe m'njira imene bungwe lanena, ndipo lisiti lisungidwe. Wosamvetsa kanthu afunse kwa kalaliki wa mu ofesi momwemo. Safunsa anadya phula.

Msampha wina ndi kubwereketsa satifiketi. Munthu wopanda mapepala, kapena mlendo wofuna nchito zosungidwira nzika, apempha kugwiritsa dzina la mnzace nalonjeza kagawo. Nyumba ikang'ambika kapena nchito ikasiyidwa pakati, woimbidwa mlandu ndi mwini dzina, ndipo dzina limene analimanga zaka zambiri lifafanizidwa tsiku limodzi.

Msampha wacitatu ndi kumanga pa malo osaloledwa. Kuyambira m'caka ca 2015 kamangidwe ka m'mizinda kayendetsedwa ndi lamulo la Urban and Regional Planning Act, limene linalowa m'malo mwa malamulo akale, pamodzi ndi lija la m'caka ca 1974 lokhudza makomboni. M'makomboni ambiri a Lusaka mwini nyumba akhala ndi cilolezo ca Khonsolo cokhalira pa malowo zaka 30. Kontrakita asanakumbe maziko aone pepala la puloti ndi pulani yodindidwa ndi Khonsolo. Ku Mtendere kunaikidwa mipope ya madzi ndi ya zonyansa pa nchito yothandizidwa ndi dziko la America imene inayamba m'caka ca 2013. Kumanga pamwamba pa mipope imeneyi, kapena kutseka ngalande, kapena kuimika nyumba pansi pa nthambo zikuru za magetsi, kuika anthu pa ngozi, ndipo Khonsolo iri ndi mphamvu yogwetsa nyumba yotere. Mzinda umene unazunzika ndi kolera m'zaka za 2017 ndi 2018, ndiponso za 2023 ndi 2024, udziwa kuopsa kwa cimbudzi cokumbidwa pafupi ndi citsime. Womanga wolembedwa ayenera kukana nchito yotere ngakhale mwini puloti aumirire.

Mau kwa omangitsa

Nkhani imeneyi ikhudzanso eni nyumba. Munthu amene wagwira nchito zaka makumi atatu pansi pa nthaka ku Mufulira kapena ku Chingola, nabwera ku Lusaka ndi ndalama zace za penshoni kuti amange nyumba yopumiramo, alibe mwai waciwiri ngati ndalamazo zaonongeka. Wotere apemphe kuona satifiketi ya womanga, ayang'ane caka cace, gulu lace ndi giredi yace, ndipo atsimikize ku NCC kuti dzinalo lirimodi m'kaundula. Apite kukaona nyumba ziwiri kapena zitatu zimene womangayo anamanga, nalankhule ndi eni ace. Asapereke ndalama zonse pa ciyambi, koma alipire pang'ono-pang'ono: maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likakhomedwa.

Njira ya cilolezo ndi yaitali, ndipo ifuna ndalama ndi kupirira. Koma siyenera kuyendedwa tsiku limodzi. Mmisiri angathe kuyamba ndi mayeso a umisiri caka cino, nalembetsa dzina caka ca mawa, nasunga makalata a nchito zace kuyambira pa nyumba imene ali kumanga tsopano. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Amisiri amene anamanga Mtendere cipinda ndi cipinda adziwa kale kuti nyumba iyamba ndi maziko, ndipo maziko a cilolezo ndi satifiketi ya umisiri.